Kastanya ya M'thumba la Sagrario

Madrid,
21 Okutobala 1986

Achemwali anga a Felisa,

Landirani moni wochokera kuno. Kodi muli bwanji kumeneko ku Navalhondo? Mwana wanga Amparo anandilembera kuti anamva kwa mwana wanu Nieves kuti mawondo akukuvutitsani kwambiri chaka chino, moti kutchalitchi mukumapita ndi ndodo. Kodi zikadali choncho? Nanga alamu anga a Cipriano, chifuwa chija chinawasiya, kapena akadali kukanirira fodya wawo?

Ine kuno ndilipo. Sindikudwala, koma sindinganame kuti ndili bwino. Ndimadzuka wotopa, ndimagona wotopa, ndipo pakati pakepo palibe ntchito imene ndingailoze kuti ndiyo yanditopetsa.

Kalata yanu yachipepeso pa imfa ya mkazi wanga Sagrario inandipeza mu Malichi. Inali ya mizere itatu. Sindikudandaula ayi. Ndikudziwa kuti mizere itatu imeneyo munailemba movutikira kuposa mmene ena amalembera masamba atatu. Wolakwa ndine, kukhala miyezi isanu ndi iwiri osayankha. Pepala ndinkalitenga ndithu, koma ndikangolemba dzina lanu ndinkalibwezanso m'kabati.

Nkhani ya kuno ndi iyi. Eni nyumba ino anakumana mwezi watha nagwirizana kuti sakufunanso munthu wapakhomo. Aika kabokosi ka mabatani panja pa chitseko. Mlendo akadina batani, mwini wake amayankha ali m'mwamba momwemo, chitseko n'kulira ngati njuchi, n'kutseguka chokha. Makalata aliyense azitenga yekha, ndipo masitepe azidzakolopa mayi wina kawiri pa sabata. Choncho ntchito yanga itha kumapeto kwa Disembala, ndipo zipinda ziwiri za pansi pa masitepe, zimene takhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndiyenera kuzisiya, poti ndi za ntchito, si zanga. Palibe amene wandichitira nkhanza. Onse anandigwira chanza. Mayi wa pansanjika yachitatu analira pang'ono, kenaka anandipempha kuti ndimuphunzitse kagwiritsidwe ka kabokosiko. Ndinamuphunzitsa.

Zina ndi zazing'ono. Msewu wathu aukumbanso, fumbi likulowa mpaka m'mbale. Maluwa a Sagrario a pazenera atsala awiri mwa asanu ndi limodzi. Sindikudziwa ngati ndawapha ndi ludzu kapena ndi madzi. Kuphika ndikuphunzira, koma dzanja linazolowera kuyeza za anthu awiri, ndiye mphodza za Lolemba ndimadya mpaka Lachinayi.

Amparo akuti ndipite kwa iye ku Jeremani. Ndi mwana wabwino. Koma nyumba yawo ndi yaing'ono, ana alipo atatu, ndipo ine pa msinkhu uno sindingayambe kuphunzira kupempha buledi m'chilankhulo cha eni. Ndinakakhalako masabata awiri mu Juni. Ndinkangokhala pazenera ngati mphaka. Akufuna yankho langa pofika pakati pa Novembala kuti ayambe kuyendetsa mapepala.

Ndiye pempho langa ndilinene pompano, kuti musawerenge mukudzifunsa kuti munthuyu akufuna chiyani. Ndikupempha kachipinda kam'mwamba m'nyumba ya bambo, kaja tinkayanikamo kastanya, mtedza wa m'mitengo ya kuphiri uja, kuti ndidzakhalemo masiku anga otsala. Nyumbayo ndi yanu. Ndinu munasamala bambo ndi mayi mpaka kuwatseka maso, ine ndili kuno kutsegulira anthu zitseko. Mukakana simulakwa. Koma musayankhe musanafike kumapeto kwa kalata ino, chifukwa pali chinthu chimene chagona pakhomo panu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo sindingachilumphe ndi sutikesi m'manja ngati kuti sindikuchiona.

Loweruka ndinayamba kulongedza. Masisitere a ku parishi amalandira zovala za malemu, ndiye ndinatsegula mbali ya Sagrario ya kabati, imene ndinali ndisanaikhudze. Madiresi sanandivute. Chinandivuta ndi chijasi chake chofiirira, cha mabatani akuluakulu, chimene ankavala popita ku paki ya Retiro. M'thumba lakumanzere munali tikiti ya basi, kampango, ndi kastanya imodzi. Osati ya kwathu ayi. Yoburungira, yosalala, yokhala ndi banga lotuwa pansi, itayamba kukwinyika. Ya mitengo ya ku Retiro ija. Ndinakhala pabedi nditaifumbata, ndipo kulongedza kunathera pomwepo.

Dzana Lamulungu, nditadya chamasana, ndinaiika m'thumba ndi kupita kupakiko. Chimuikireni mu Febuluwale ndinali ndisanapondeko, ngakhale kuti ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Popita kumsika ndinkazungulira njira ina kuti ndisaone ngakhale mpanda wake.

Kunali monga kumakhalira Lamulungu lililonse. Padziwe asilikali a patchuthi ankapalasa timabwato mozungulirazungulira, zibwenzi zawo zikukuwa kuti tigubuduka. Wa zidole uja akadali pomwe paja, ndi nthabwala zake zomwe zija. Anthu ankandidutsa awiriawiri. Nditayenda ndithu ndinazindikira kuti ndikutsata m'mphepete mwa njira, kusiya malo kumanzere kwanga, ndipo chigongono ndachipinda ngati pali wochigwira. Ndinachiwongola. Nditayenda pang'ono chinapindikanso chokha.

Nyumba ya magalasi ndinaidutsa osaima, mpaka ndinafika pa benchi yathu, pansi pa mitengo ikuluikulu ija. Panali patakhala bambo wina ndi kawailesi pakhutu, akumvera mpira. Ndinakhala chakumapeto. Timu yake inali kugonja, ndiye ankatukwana osewera mmodzimmodzi, pamodzi ndi amayi awo. Ataona tayi yanga yakuda anachepetsa mawu nati pepani achimwene. Ndinamuuza kuti atukwane ndithu, akufa satekeseka ndi mpira.

Pansi ponse panali kastanya mbwee, zonyezimira ngati nsapato zopolisha, anthu akungoziponda. Pa benchi imeneyo ndi pamene ine ndi Sagrario tinkakhala chaka chilichonse pa tsiku la Oyera Onse, pa nthawi imene inu mumakwera kuphiri kukawotcha zanu. Tinkagula kastanya zenizeni zodyeka, zotentha, n'kumadyera pansi pa mitengo yabodzayo. Iye ankati tidyere pompano kuti mitengoyi ichite manyazi. Yoyamba ankaisenda n'kundipatsa ine, amvekere yambani ndinu, a ophunzira.

Nkhani ya kastanya zimenezi inu mumaidziwa, achemwali, koma mumaidziwa mmene ndinailembera ine. Lero ndiilemba mmene inachitikira.

Tinafika kuno mu Seputembala 1958, titangokwatirana. Ntchito imene anandilonjeza kwa omanga nyumba ndinapeza atapatsa wina. Masabata asanu ndinayenda khomo ndi khomo. Tinkagona m'kachipinda ka mayi wina wamasiye ku Vallecas. Kamba amene mayi anatilongedzera anali atatha kalekale. Tinkadya buledi ndi anyezi, masiku ena anyezi yekha. Lamulungu lina tinayenda wapansi mpaka ku Retiro, chifukwa ndi malo okhawo amene munthu ankalowa popanda womufunsa kanthu.

Amene anaziona ndine. Ndinati Sagrario taona, anthu a m'tauni ndi aulesi, chakudya chili pansi chonchi osatola. Iye anatola imodzi, naitembenuza, nayang'ana m'mwamba. Anati masambawo sakuwakhulupirira, ali ngati chikhatho chotambasula zala, pomwe a kwathu ndi aatali ngati mpeni. Anatinso khoko lake lili ndi minga yowerengeka, pomwe la kwathu sungaligwire ndi manja. Ine ndinamuseka. Ndinati ku Madrid chilichonse chimanenepa, ngakhale ansembe, ndipo mtengo wothiriridwa ndi boma sungafanane ndi wa m'phiri. Ndinamukumbutsanso kuti ine ndinakhalako ku seminale zaka ziwiri. Anavula mpango wa m'mapewa, nauyala pansi.

Mlonda wa pakiyo, wa chipewa chachikulu, anatipeza titagwada. Ndinayesa watigwira. Iye anangoima manja kumbuyo, amvekere tolani abale anga, tolani zonse, mawa mubwerenso ndi ngolo. Ine ndinavula chipewa ndi kumuthokoza.

Tinaziwotcha pa chiwaya cha mayi wa nyumba uja. Woyamba kudya ndine. Inawawa ngati ndulu, koma poti ndinali nditalankhula kwambiri ndinameza. Ndinadyanso yachiwiri, yachitatu, yachinayi, ndikunena kuti zikungofuna mchere. Sagrario anangoluma kamodzi n'kulavula. Masiku awiri ndinali chigonere, ndikusanza, iye akundigwira mutu. Mayi wa nyumba anaseka mpaka kukhala pansi. Anati zimenezo kuno amazitcha kastanya zamisala, ngakhale nkhumba imangonunkhiza n'kumapita.

Sabata yomweyo ndinayenera kulembera bambo, ndipo ndinalemba ndikadali pabedi. Ndikanawauza chiyani? Kuti mwana wawo wophunzira uja alibe ntchito, akutola za pansi chifukwa cha njala? Ndinalemba kuti zonse zili bwino. Ndiye kuti tsamba lidzaze ndinaikamo nthabwala, yoti Sagrario, mwana wa kumudzi, anadzaza mpango ndi kastanya zamisala ine ndikumuletsa, nadya mpaka kudwala. Ndinailemba mokoma. Zaka ziwiri za ku seminale zinandiphunzitsa zimenezo.

Inu munawawerengera bambo, poti maso awo anali atafooka, ndipo ndinamva kuti anaseka mpaka kutsokomola. Mawa lake munapita nayo kochapira. Sindikukuimbani mlandu. Nkhani yokoma siikhala m'thumba, ndipo munalibe chifukwa choganizira kuti mlongo wanu ndi wabodza. Koma mudzi wathu mukuudziwa. Munthu amabatizidwa kawiri, koyamba ndi wansembe, kachiwiri ndi amayi a kochapira, ndipo dzina lachiwirilo ndi limene limamuperekeza kumanda n'kutsalira ana ake. A Cipriano mpaka lero ndi a Mphika Wosweka chifukwa cha agogo awo amene sanawaone n'komwe. Chaka chotsatira titabwera ku chikondwerero cha mu Ogasiti, tisanatsike bwinobwino basi, wina anafuula kuti wafika Yamisala. Bwalo lonse linaseka. Sagrario anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake, kufuna kuona amene akunenedwayo.

Za m'khitchini mwa bambo tsiku lomwelo sindikhulupirira kuti munaiwala. Sagrario anaima pafupi ndi khomo, nsapato za paulendo zikadali kuphazi, nakufunsani kuti nkhaniyi inafika bwanji kochapira, ndipo munaitenga kwa yani. Inu munayang'ana ine. Munali ndi mpeni ndi mbatata m'manja, ndipo munasiya kusenda. Munandipatsa nthawi yokwanira kunena Atate Athu mpaka pa ameni. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Kenaka munati munangoimva kwa anthu, n'kupitiriza kusenda. Pobwerera, m'basi, ndinamuuza kuti mwina mayi wa ku Vallecas uja anauza wina, winayo nauza inu, inu n'kusokonezapo mayina mwadala chifukwa simunamukonde chiyambire.

Kuchokera pamenepo kumudzi anapondako kawiri kokha, pa maliro a mayi ake ndi pa maliro a bambo athu, ndipo kawiri konseko simunalankhulane. Amparo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, titamutumiza kwa agogo ake patchuthi, anabwerako akufunsa chifukwa chake anzake amamutcha mwana wa Yamisala. Ine ndinali pomwepo, ndikusanja makalata a eni nyumba. Ndinapitiriza kusanja. Chaka chilichonse ndinkati chaka chino ndinena. Mu Febuluwale, kuchipatala, ndinatsegula pakamwa kawiri. Koyamba analowa namwino. Kachiwiri sanalowe aliyense, koma ndinamufunsa ngati akufuna madzi.

Zonsezi ndinaziganiza pa benchi paja mpaka mpira unatha, bambo uja nanyamuka osatsazika. Miyendo inali italemera ngati ndayenda kuchokera kumudzi. Potuluka ndinadzera geti lakumunsi, ndipo fungo ndinalimva ndisanaone utsi. Mayi Obdulia ayamba msanga chaka chino. Inu simuwadziwa. Ndi mayi wa thupi lalikulu ndi mawu aakulu, wa zaka ngati makumi asanu ndi awiri, amene amawotcha kastanya pa mbaula pagetipo nyengo yozizira iliyonse. Zawo ndi zenizeni. Sagrario ankakhala nawo pa kabokosi ka matabwa Lamulungu lililonse, akuwathandiza kucheka makoko ndi kampeni kuti zisaphulike pamoto, ine ndili pa benchi ndi nyuzipepala. Zimene ankakambirana zaka zonsezo sindinafunsepo.

Ndinafuna kudutsa mozemba, koma anandiona.

"Iwe Leoncio! Ukuzemba ine? Ndimayesa tinakukwirira limodzi ndi mkazi wako. Tabwera kuno ndikuone. Mayo ine, khosi ngati la nkhuku yososola! Ukumadya chiyani, makalata a eni ake?"

Ndinawayankha kuti ndikudya bwino. Anati bodza, ndipo bodza silinayambe landikhalapo, n'chifukwa chake ndikanama ndimayang'ana nsapato. Mawu amenewo anandilasa, koma ndinayesa angonena. Kenaka ndinatulutsa kastanya ija ndi kuwaonetsa. Ndinati ndaipeza m'chijasi cha Sagrario, mwina ankaisunga pokumbukira manyazi amene anamuchititsa kumudzi.

"Manyazi a chiyani? Imeneyo si yake. Ndi ya mlamu wake, Felisa, wa mawondo uja."

Achemwali, ndikulemba mmene anandiuzira. Kuno anthu akale amati kastanya yamisala, ngakhale siidyeka, ukamayenda nayo m'thumba imakoka nyamakazi. Akuti chimvereni za mawondo anu, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Okutobala aliyense Sagrario ankasankha yokongola pansi pa mitengo ija, n'kuipukuta ndi mkono wa chijasi, n'kunena kuti chaka chino ndimutumizira Felisa. Ikauma ankaitaya, chaka china n'kutolanso ina. Mayi Obdulia akuti ankamukalipira kuti tumiza chitsiru iwe, sitampa siluma. Iye ankangoti ayi, ayambe Leoncio.

Ndinafunsa kuti ndiyambe chiyani. Anasiya kutembenuza kastanya pa mbaula, nandiyang'ana mmene munandiyang'anira inu tsiku lija.

"Kodi iwe, kalata ija anakaponya ku positi ndani? Si unali chigonere, ukusanza matumbo? Unam'patsa wekha, osamata n'komwe. Umayesa mkazi wako sankadziwa kuwerenga, poti sanapite ku seminale?"

Akuti anaiwerenga atakhala pa masitepe a positi. Poyamba anafuna kuing'amba. Kenaka anaganiza kuti mwamuna wanga akufuna aoneke munthu pamaso pa bambo ake, ndimubwereke dzina langa sabata imodzi, palibe kanthu. Envulopuyo anaimata ndi malovu ake. Sanadziwe kuti dzina likapita kumudzi silibwerako.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze, ndiponso chifukwa chake anakwiyira inu m'malo mwa ine. Mayi Obdulia anaseka, koma m'maso muli misozi, mwina ya utsi. Anati funso lomwelo iwonso anamufunsapo. Sagrario anawayankha kuti munthu amene umafunda naye bulangeti limodzi sungamukwiyire zaka makumi awiri, ungafe ndi chisanu. Ndiye mkwiyowo anaukweza basi kuti ukakhale kwa Felisa, kumene kuli malo. Akuti ankadziwa kuti si chilungamo. Ankati inu munalakwa tsiku limodzi lokha, kochapira, koma zimene munachita m'khitchini muja iyenso akanamuchitira mlongo wake. Poyamba sanafune kundichititsa manyazi. Zaka zitachuluka anasowa poyambira. Ankangodikira kuti ine ndinene ndi pakamwa panga, kuti iye apeze njira yokulemberani popanda kundivula pamaso panu.

"Anakudikira mpaka anatopa, bambo iwe. Ankati mwamuna wanga amatsegulira chitseko Madrid yense, koma kiyi wa pakamwa pake anataya."

Ndinakhala pa kabokosi kaja, pamalo pake. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inkaoneka bwanji. Anthu ankabwera kudzagula, n'kumandiyang'ana, n'kumapita. Patapita nthawi mayi Obdulia anandiika kampeni m'manja nakankhira thumba la kastanya pafupi ndi mapazi anga. Anati ngati ndikufuna kulira ndilire ndikucheka, manja alibe maliro. Ndinacheka mpaka anayamba kulongedza. Zanga zinali zokhotakhota, ndipo anandiuza kuti mkazi wanga ankacheka zitatu pamene ine ndikulimbana ndi imodzi. Anandikulungira zotentha m'nyuzipepala. Sindinathe kudya. Ndinaziika m'matumba kuti zinditenthetse manja pobwerera.

Achemwali, kupepesa chinthu cha zaka zonsezi sindikudziwa kuti kumalembedwa bwanji. Ndinakusandutsani wamiseche pamaso pa mkazi wanga, inu mukunditchinjiriza. Ndinakulandani mlamu, Amparo ndinamulanda azakhali, ndipo Sagrario ndinamulanda mudzi wake. Kwa iye ndachedwa. Dzulo ndinapita kumanda ndi kukanena zonse pamaso pa mwala, koma mwala umavomera chilichonse. Inu muli moyo, mukhoza kukana, n'chifukwa chake ndikunena kwa inu. Ndinalakwa. Pepani.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Sindikufuna kubisala kumbuyo kwa mwambi, chifukwa fupalo munalisenza ndinu nokha. Koma ichi ndingathe kuchita. Kalata ino mukhoza kupita nayo kochapira, ngati kukadali anthu ochapa kumeneko, kapena pakhomo la tchalitchi pa Oyera Onse. Muiwerenge mokweza ngati ija. Ambiri amene anaseka anagona kale, koma ana awo alipo, ndipo dzinalo akulidziwa. Libwerere kwa mwini wake. Ndikadzatsika basi, ngati mundilola kutsika, adzafuule kuti wafika Yamisala. Ndidzawavulira chipewa.

Sindidzakulemerani. Katundu wanga ndi bedi, masutikesi awiri ndi makina osokera a Sagrario, amene ndikufuna akhale a Nieves, kaya ndibwere kaya ndisabwere. Chakudya changa ndidzadzipezera ndekha. Denga la khola ndingalikonze, ndipo mawondo anga, atakwera masitepe a eni zaka zonsezi, akadali olimba. Ndikhoza kumakutolerani kastanya kumunda wa kumtunda, kumene inu simukufikako. Tsopano ndimazisiyanitsa.

Ngati yankho ndi ayi, mzere umodzi ukwana, ndipo sindidzafunsa chifukwa. Ndidzapita kukakhala pazenera la Amparo. Chokhacho, lifike pakati pa Novembala pasanakwane, kuti mwanayo ndisamusiye m'malere.

Kalatayi ibwera m'kaphukusi. M'katimo mupeza kampango koyera ka m'mphepete mwa buluu, ndipo m'kampangomo muli kastanya ija. Imeneyi si mbali ya pempho langa. Kaya mundilola kaya mundikana, ndi yanu, anakusankhirani mwini wake Okutobala wa chaka chatha, womaliza amene anayenda ndi miyendo yake. Ine ndangokhala wa positi, ndipo ndachedwa nayo. Mayi Obdulia akuti muziika m'thumba la mbali imene bondo likupweteka kwambiri. Ngati imachiza sindikudziwa. Madokotala a kuno amaseka.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Cipriano. Moni kwa Nieves ndi mwamuna wake, ndi kwa adzukulu anu onse, ngakhale wamng'onoyo sindinamuonebe. Moni kwa azakhali a Eduvigis ngati akadali kuzindikira anthu, ndi kwa msuweni wathu Baldomero. Mukakumana ndi alamu anga a Fermín, achimwene a Sagrario, muwauze kuti nawonso ndiwalembera, ndipo yawo ikhala yovuta ngati ino. Mukapita kumanda pa Oyera Onse, pa mwala wa bambo ndi mayi muikepo duwa limodzi m'dzina langa.

Mulungu akusungeni ndi kukupepuzirani miyendo.

Ndine mlongo wanu, wodikira,
Leoncio

Ndinatsala pang'ono kumata ndisananene ichi. Muwachenjeze alamu kuti ya m'kampangoyo si yowotcha, ngakhale ataithira mchere. Wamisala mmodzi pabanja akwana.